Ndani Watsala ku Lodebara?

Werengani: 2 Samueli 4:4, 2 Samueli 9:1-13, Yohane 9:1-3

Ndikupemphani kuti musanapitirire muyambe mwatsegula Baibulo lanu ndi kuwerenga ndime zili pamwambazi, chifukwa zonse zimene ndilembe zatsamira pamenepo. Ndikufuna tikambirane za matenda a poliyo, amene ambiri a ife timayesa kuti ndi nkhani yakale. Ine ndine mphunzitsi wa kusekondale komanso mtumiki mumpingo wathu, koma nkhani iyi inandipeza ndisanalowe m'kalasi. Ndinaiona pakhomo pa azakhali anga.

M'mawa umene mwendo unakana

Makolo athu anachokera kum'mawa n'kudzakhala pakati pa Asoli ife tisanabadwe. Nyumba yathu inayandikana ndi ya azakhali, ndipo mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, ndinasiyana naye miyezi itatu yokha pobadwa. Tinkadyera mbale imodzi, masanje tinkaphikira pamodzi, ndipo pothamanga iye ndiye ankandisiya m'mbuyo. M'dzinja la 1976, tonse tili ndi zaka 5, anadwala. Thupi linatentha, mutu unkamupweteka, khosi linauma. Aliyense anati ndi malungo. Popeza chipatala chinali kutali ndipo mitsinje inali itadzaza, anapita naye kwa bambo wina wa m'mudzi woyandikana amene ankabaya anthu jakisoni m'nyumba mwake. Patapita masiku atatu thupi linazizira, tonse tinati wachira. Koma m'mawa mwake atati adzuke pamphasa, mwendo wakumanja unakana. Unangoti lende, ngati si wake.

Akuluakulu anakhala pansi kufufuza chimene chadya mwendo wa mwana. Ena anati walodzedwa, naloza chala gogo wina wamasiye amene analibe womuyankhulira. Ena anati jakisoni ndiye wapha mwendo. Koma mawu amene anapambana anali akuti ndi mdulo: mayi wake sanasunge mwambo, wamudula mwana. Chaka chisanathe amuna a azakhali anachoka n'kukakwatira kwina. Azakhali anatsala ndi mwana ndi mlandu. Anamubereka kumsana kupita naye kusukulu mpaka atakwanitsa zaka 9, pamene anakam'pezera zitsulo za kumwendo ndi ndodo zoyendera ku Lusaka. Ine nditaphunzira za poliyo kukoleji ndinabwera kudzawafotokozera kuti panalibe chimene analakwa. Anandimvetsera modekha, kenaka anati, "Mwanawe, za m'mabuku akozo ndamva, koma anthu onse aja sakananama." Anamwalira mu 1998 mlandu uja udakali mumtima.

Kodi poliyo n'chiyani?

Tiyeni tiyambe tamudziwa mdani wathu, pakuti safunsa anadya phula. Poliyo amabwera ndi kachilombo kosaoneka ndi maso. Kamatuluka m'chimbudzi cha munthu amene ali nako, n'kulowa m'kamwa mwa wina kudzera m'manja osasamba, m'madzi akumwa kapena m'chakudya. Kamakonda kwambiri ana osapitirira zaka 5. Ana ambiri amene kawalowa sadwala n'komwe, ena amangotentha thupi masiku owerengeka, komabe onsewo amakhala akukafalitsa. Mwa anthu 200 amene atenga kachilomboka, pafupifupi mmodzi ndiye amapuwala, chifukwa kamafika m'kati mwa msana n'kuwononga mitsempha yolamulira miyendo, nthawi zina ndi manja omwe. Mwa opuwalawo, 5 mpaka 10 pa 100 alionse amamwalira chifukwa minofu yopumira imaleka kugwira ntchito. Mankhwala ochiza poliyo kulibe. Chimene chilipo ndi katemera woteteza mwana asanadwale.

Taonani tsono, amayi anzanga. Pamene msuweni wanga ankapuwala, ana ambiri a m'mudzi mwathu ayenera kuti anali nako kachilomboko, mwina ndi ine ndemwe. Ine sindinali woyera kuposa iye, ndipo amayi anga sanali osunga mwambo kuposa azakhali. Akuluakulu omwewo ndiwo anatisiyira mwambi wakuti lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza, koma tsiku limene lija anauiwala. Nanga za jakisoni zija? Jakisoni sabweretsa poliyo. Komabe madokotala anapeza kuti mwana amene kachilomboka kali kale m'thupi mwake akabayidwa m'mnofu, mwendo wobayidwawo ukhoza kupuwala mosavuta. N'chifukwa chake mwana wotentha thupi tizithamangira naye kukiliniki, osati kwa obaya jakisoni a m'makomo.

Matenda amene anagwedeza ndi olemera omwe

Matendawa ndi akalekale. Ku Egypt, Igupto wa m'Baibulo uja, anapeza mwala wosemedwa zaka zoposa 3,000 zapitazo. Pamwalapo pali chithunzi cha munthu wa mwendo umodzi wowonda, phazi litaloza pansi, atatsamira ndodo. Akatswiri ambiri amati ameneyo anadwala poliyo.

Musaganize kuti anali matenda a ife amphawi tokha. Mu 1916 mliri wa poliyo unapha anthu oposa 2,000 mumzinda wa New York wokha. Mu 1952 anthu pafupifupi 58,000 anadwala ku America, oposa 3,000 anamwalira ndipo oposa 21,000 anatsala opuwala. Makolo ankatsekera ana m'nyumba, malo osambirako ndi oonetserako kanema ankatsekedwa. Franklin Roosevelt, amene anadzakhala pulezidenti wa dzikolo, anapuwala miyendo mu 1921 ali ndi zaka 39, ndipo madokotala ake anati ndi poliyo. Pa zaka zonse za ulamuliro wake anayesetsa kuti asajambulidwe ali panjinga ya olumala. Ngati mtsogoleri wa dziko lalikulu chotero ankabisa miyendo yake, nanga mwana wa m'mudzi mwathu anthu ankamuona bwanji?

Amene analephera kupuma ankawalowetsa m'chimgolo chachitsulo chowapumitsa, mutu wokha uli kunja. Mnyamata wina wa ku Dallas, Paul Alexander, analowamo mu 1952 ali ndi zaka 6. Anaphunzira mpaka kukhala loya, ndipo anadalira chimgolocho zaka zoposa 70 kufikira imfa yake mu 2024. Chaka chomwecho cha 1952, mumzinda wa Copenhagen ku Denmark, odwala anachuluka kuposa makina opumira. Ophunzira za udokotala mazanamazana anakhala pambali pa mabedi usana ndi usiku, akusinthana kufinya ndi manja kathumba kolowetsa mpweya m'mapapo a ana, kwa milungu yambiri. Zipinda za odwala mwakayakaya zimene tili nazo m'zipatala zikuluzikulu lero zinayambira pa ntchito imeneyo. Ndikawerenga nkhani iyi ndimakumbukira anthu anayi aja a pa Marko 2, amene ananyamula mnzawo wopuwala mpaka kusasula denga kuti afike kwa Yesu.

Mulungu, amene amapatsa anthu nzeru, anatsegula njira. Mu 1955 katemera wobaya wa Jonas Salk analengezedwa kuti akugwira ntchito, ndipo Salk sanam'lembetse ngati chuma chake cholemererapo. Zaka zochepa pambuyo pake panabwera katemera wa Albert Sabin, wodonthezera m'kamwa, amene ife tonse tikumudziwa. Mu 1988, pamene maiko anagwirizana zothetsa poliyo padziko lonse, ana pafupifupi 350,000 ankapuwala chaka chilichonse m'maiko 125. Mu 1996 Nelson Mandela anatsegulira ntchito yothamangitsa poliyo mu Africa, ndipo ena a inu mukukumbukira mizere ya amayi ndi ana pamasiku a katemera a zaka zimenezo. Kuno ku Zambia poliyo wachilengedwe wobadwira m'dziko mwathu anaoneka komaliza mu 1995. Pa 25 Ogasiti 2020 bungwe la zaumoyo padziko lonse linalengeza kuti poliyo wachilengedwe watha mu Africa. Tiyamike Mulungu pa zimenezi. Koma msuweni wanga ndi anzake ambiri adakali pakati pathu, ndipo chilengezo chija sichinawabwezere miyendo.

Mlezi amene anagwetsa mwana

Tsopano tiyeni ku Mawu a Mulungu. Mefiboseti, mwana wa Jonatani, mdzukulu wa mfumu Sauli, anabadwa wabwinobwino. Ali ndi zaka 5, msinkhu womwewo wa msuweni wanga, kunafika uthenga wakuti atate ake ndi agogo ake afera kunkhondo. Mlezi wake anamunyamula kuti athawe naye, ndipo m'kufulumirako mwanayo anagwa napunduka mapazi onse awiri. Iye sanadwale poliyo, anachita kugwa, koma moyo umene anakhala pambuyo pake ndi womwewo umene abale athu olumala akuudziwa.

Ndimaganizira kwambiri za mlezi uja. Dzina lake silinalembedwe. Iye ankapulumutsa mwana, ndipo mwanayo anavulalira m'manja mwake momwemo. Kodi anagona tulo usiku umenewo? Kodi anthu anamunena chiyani? Zindikirani kuti Baibulo silimuimba mlandu ngakhale pang'ono. Limangofotokoza zimene zinachitika n'kupitirira. Ife ndife timaima pamenepo n'kuyamba kufufuza wolakwa, ndipo kawirikawiri chala chimagwera mayi.

Ophunzira a Yesu nawonso anali ndi mtima womwewu. Ataona munthu wosaona chibadwire anafuna kudziwa amene anachimwa, mwiniwakeyo kapena makolo ake. Ambuye anakana zonse ziwiri, nawauza kuti pa munthuyo padzaonekera ntchito za Mulungu. Ophunzira ankayang'ana m'mbuyo kufuna mlandu, Yesu anawatembenuzira kutsogolo kumene kunali ntchito. Akanakhalapo mayi mmodzi wa Chigwirizano wowerengera azakhali anga ndime imeneyi mu 1976, akanawatula katundu amene anasenza zaka 22. Mwina m'dera lanu muli mayi wa mwana wolumala amene akusenza katundu womwewo lero. Ndani adzamuwerengera?

Davide afunsa funso

Mefiboseti anakulira ku Lodebara, kutsidya la Yordano, m'nyumba ya Makiri, kutali ndi nyumba yachifumu. Panapita zaka zambiri palibe womukumbukira. Ndiye tsiku lina Davide, ufumu wake utakhazikika, anafunsa ngati watsalako wina wa banja la Sauli kuti amuchitire chifundo chifukwa cha pangano lake ndi Jonatani. Mefiboseti sanapemphe kanthu, ndipo analibe miyendo yomufikitsa ku Yerusalemu. Mfumu ndiyo inayamba kufunsa, mfumu ndiyo inatuma anthu kukamutenga.

Onetsetsani yankho la Ziba, wantchito wa Sauli. Iye sanatchule dzina. Anangoti alipo mwana wa Jonatani, wopunduka mapazi. Kwa Ziba chilema ndicho chinali dzina la munthu. Si mmene timachitira ifenso? Timati "wandodo uja", "wokwawa uja wa pamsika", ngakhale tikumudziwa dzina lake ndi la makolo ake. Koma atafika pamaso pa mfumu, mawu oyamba a Davide anali dzina lake, Mefiboseti, kenaka anamuuza kuti asaope. Mefiboseti anadziyerekeza ndi galu wakufa. Munthu sabadwa akudzitcha galu. Mawu otere amawaphunzira kwa anthu amene amuzungulira.

Davide sanamupatse thumba la ufa n'kumubweza ku Lodebara. Anamubwezera minda yonse ya agogo ake, nalamula Ziba ndi ana ake kuti azimulimira, ndipo anamupatsa malo pagome la mfumu masiku onse ngati mmodzi wa ana a mfumu. Mefiboseti anali ndi mwana wake dzina lake Mika, kutanthauza kuti anali ndi banja monga munthu wina aliyense. Chaputalachi chimatha potikumbutsa kuti anali wopundukabe mapazi onse awiri. Davide sanamuchiritse. Chimene chinasintha ndi malo amene ankakhala ndi anthu amene ankadya nawo.

Amayi anzanga, ife a mpingo wa Reformed timakhulupirira kuti tinapulumutsidwa mwa chisomo chokha. Tonsefe tinali ku Lodebara, opanda mphamvu yofikira kwa Mfumu, ndipo Iye ndiye anafunsa za ife, natuma Mwana wake kudzatitenga chifukwa cha pangano. Tikamayandikira Mgonero wa Ambuye timabwera ngati Mefiboseti. Tsono munthu amene anachita kunyamulidwa kuti afike pagome angatseke bwanji khomo kwa mnzake?

Masitepe asanu

Pano ndiyenera kuulula tchimo langa. Msuweni wanga anakula, anaphunzira kusoka, anakwatiwa, ali ndi ana atatu. Mayunifolomu ambiri a Chigwirizano chathu anasoka ndi iye. Pamene tinkamanga tchalitchi chathu chatsopano ine ndinali m'komiti ya zomangamanga. Tinakweza maziko poopa madzi a mvula, ndipo pakhomo tinaikapo masitepe asanu opaka polishi wofiira. Tinawanyadira kwambiri. Pa onse a m'komiti, ngakhale ine amene ndinakula naye, palibe amene anafunsa kuti munthu wa ndodo adzakwera bwanji.

Patapita zaka zingapo anayamba kujomba, poyamba Sabata limodzi pamwezi, kenaka miyezi yathunthu. Pamsonkhano tinamulemba m'gulu la ofooka, ndipo ananditumiza ine kukamulimbikitsa. Ndinapita nditakonzeratu ndime zomudzudzulira. Ndinamupeza ali pamakina ake osokera. Nditamaliza kuyankhula anandiyang'ana nati, "Msuweni, mwendo wabwinowu wandinyamula zaka zoposa 40, tsopano watopa. Mapewa nawonso akukana ndodo. Masitepe anu aja ndimakwera chokwawa, chitenje chili mbuu ndi fumbi, ana a Sande sukulu akundiyang'ana. Chimbudzi chanu sindingathe kunjutamo, ndiye Loweruka madzulo ndimaleka kumwa madzi. Ndinaona kuti bola ndizipemphera pano." Ndinatseka Baibulo langa osawerenga ndime ndi imodzi yomwe. Ine ndinali Ziba wake.

Chimene chinkamuchitikira madokotala akuchidziwa bwino. Anthu ambiri amene anadwala poliyo ali ana, pakapita zaka 15 mpaka 40, amayambanso kufooka. Mitsempha yochepa imene inapulumuka ija imakhala itagwira ntchito ya inzake kwa zaka zambiri, ndipo imatopa. Munthu amayamba kumva kutopa kosaneneka, kupweteka kwa minofu ndi mfundo, ndipo ziwalo zimene zinali zamphamvu zimayamba kulephera. Kachilombo sikanabwererenso ayi, ndipo munthuyo sangapatsire aliyense. Si ulesi, si kubwerera m'mbuyo m'chikhulupiriro. Amafunika kuonana ndi a chipatala ophunzitsa zolimbitsa ziwalo, kupumula mokwanira, ndi kusinthiridwa zitsulo, ndodo kapena kupatsidwa njinga. Ana amene anapuwala m'zaka za m'ma 1960, 1970 ndi 1980 ndiwo amayi ndi agogo a lero, ndipo ambiri a iwo ali pa msinkhu umenewu tsopano. Mukaona mpando wa wina uli wopanda munthu, musafulumire kulemba kuti wafooka.

Nditafotokoza nkhaniyi kwa amayi a Chigwirizano chathu, tinasonkha ndalama ya matumba a simenti, abambo anatithandiza mchenga ndi miyala, ndipo pambali pa masitepe aja tinamanga njira yotsetsereka yokhala ndi chogwirira. Mutu umodzi susenza denga. Msuweni wanga anabwerera, ndipo tinadabwa kuona kuti agogo atatu amene tinkati akalamba anabwereranso, ndi amayi a pathupi akudzera pomwepo. Chimbudzi sitinakonzebe. Ndalemba zimenezi kuti inu amene mukuwerenga mukhale mboni, tisachedwenso.

Ntchito yotere si yachilendo kwa ife. Ku Magwero, kumene mpingo wathu unayambira mu 1899, makolo athu m'chikhulupiriro anatsegula sukulu ya osaona ndi ya osamva pa nthawi imene ambiri ankabisa ana otere kuseri kwa nyumba. Dziko lathunso lili ndi lamulo la 2012 loteteza ufulu wa anthu olumala, kuphatikizapo kuti azitha kulowa m'nyumba zofikamo anthu onse. N'zomvetsa manyazi kuti boma lichite kukumbutsa mpingo chimene Ambuye wake anaulamula kale pa Luka 14, kuti paphwando tiziitana osauka, opunduka, otsimphina ndi osaona.

Timadontho tiwiri

Tsopano za ana athu ndi adzukulu athu. Mu Febuluwale 2022 dziko la Malawi linalengeza kuti mtsikana wa zaka 3 wa ku Lilongwe wapuwala ndi poliyo wachilengedwe, patapita zaka 30 matendawa asanaoneke m'dzikomo. Atakayeza kachilomboko anapeza kuti kanali ka mtundu wa ku Pakistan. Mu Meyi chaka chomwecho kanapezekanso mwa mwana wa m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo ana ena a m'chigawocho anapuwalanso. Lilongwe ndi Tete si kutali. Mabasi ndi malole ochokera kumeneko amadutsa pa Chongwe pano tsiku ndi tsiku pa Great East Road. N'chifukwa chake kuyambira mu Malichi 2022 azaumoyo anayenda khomo ndi khomo ku Malawi, Mozambique, Tanzania ndi kuno ku Zambia, ndipo mu 2024 mliri umenewo unalengezedwa kuti watha. Koma kachilomboka sikanazimirire ku Pakistan ndi Afghanistan, ndipo sikafuna pasipoti. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pa nthawi ya katemera ija mayi wina wa m'dera langa anabisa mwana wake kuseri kwa nkhokwe. Nditamufunsa anati wamva pafoni kuti madonthowo amatseka mimba ya ana aakazi, ndipo inki imene amapaka pachala ndi chizindikiro cha chilombo. Sindinamukalipire, pakuti iyenso, ngati mlezi uja, ankayesa kuti akupulumutsa mwana. Ndinamufunsa kuti iye mwini analandira madonthowo ali mwana kapena ayi. Anati analandira. Ndinamufunsa kuti ali ndi ana angati. Anati anayi, ndipo anayamba kuseka yekha. Inki ija ndi yothandiza azaumoyo kudziwa mwana amene walandira kale, ndipo imafufutika pakapita masiku. Mphekesera zomwezi zinamveka kumpoto kwa Nigeria mu 2003, katemera anaimitsidwa kwa miyezi yambiri, ndipo poliyo anafalikira m'maiko ena ambiri amene anali atamugonjetsa kale. Amene anafalitsa mphekeserazo akuyenda ndi miyendo yawo iwiri. Anapuwala ndi ana.

Ena a inu mudzafunsa kuti, kodi sitinamve za poliyo wochokera ku katemera? Ndikuyankheni moona. M'madontho aja muli kachilombo kofooketsedwa, kamene kamaphunzitsa thupi kudziteteza. Kamatuluka m'chimbudzi cha mwana wolandira. Pamalo pamene ana ambiri sanalandire katemera ndipo ukhondo ndi wochepa, kakhoza kuyenda kuchoka kwa mwana wina kupita kwa wina kwa nthawi yaitali mpaka kupezanso mphamvu yopuwalitsa. Zoterezi zinachitika m'boma la Chienge ku Luapula mu 2019. Amene amagwidwa ndi ana osatemeredwa mokwanira. Choncho mankhwala ake ndi akuti ana onse alandire, pasatsale mpata woti kachilomboka kadutsemo. Ndi chifukwa chakenso azaumoyo amabwera kangapo, ndipo mwana wolandira kale amayenera kulandiranso.

Kutemera mwana si kuchepa kwa chikhulupiriro. Timapempherera mvula, komabe timabzala. Satana atauza Yesu kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi, Ambuye anakana kuyesa Mulungu. Kusiya mwana wopanda chitetezo chimene Mulungu waika pakhomo pathu kwaulere, n'kumati Iye amusunga, ndiko kumuponya mwanayo kuchokera pamwamba.

Tichitenji tsono?

Choyamba, tsegulani kadi ya kusikelo ya mwana aliyense wa pakhomo panu, ndi ya adzukulu amene mukulera. Mwana amalandira madontho a poliyo akangobadwa, kenaka pa milungu 6, 10 ndi 14, ndiponso pali katemera wobaya. Ngati pali mpata, pitani kukiliniki sabata lomwe lino. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, choncho funsaninso aneba anu. Mwana aliyense amene mwendo kapena dzanja lafooka mwadzidzidzi, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chimbudzi pakhomo ndi kusamba m'manja ndi sopo tisazione ngati zazing'ono.

Chachiwiri, funsani funso la Davide pamsonkhano wanu wotsatira. Tengani buku la maina muone amene analeka kubwera, ndipo mupite mukamve chifukwa chake musanaweruze.

Chachitatu, Sabata likubwerali imani pakhomo la tchalitchi chanu muyang'ane ndi maso a munthu wa ndodo. Muyang'ane masitepe, khomo, mipando, chimbudzi ndi njira yopita kugome la Mgonero. Zimene muone mukazitule kwa abusa ndi akulu a mpingo, ndipo musatope kuwakumbutsa.

Chachinayi, abale athu olumala tisamawakumbukire pa nthawi yogawa zovala ndi ufa yokha. Davide anapereka minda ndi mpando. Tiwasankhe m'maudindo, atsogolere mapemphero, asunge chuma, aphunzitse. Tigule katundu wawo pa mtengo wake. Mwana wolumala apite kusukulu. Ine mphunzitsi ndikuchitira umboni kuti nzeru sizikhala m'miyendo.

Pomaliza, tisunge malilime athu. Mawu akuti mdulo, ufiti kapena tchimo la makolo asatulukenso pakamwa pa mayi wovala yunifolomu ya Chigwirizano pamene mwana wa mnzake walumala. Ndipo ngati inu amene mukuwerenga ndinu mayi amene mwasenza mlandu wotere, imvani chimene ndinalephera kuwamvetsa azakhali anga: Yesu anafunsidwa kale funso limenelo, ndipo anayankha kuti si inu.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wachifundo, Inu munatifunafuna tili kutali ndipo munatiitana ndi maina athu. Tikhululukireni pamene tatcha abale athu ndi zilema zawo, ndi pamene tamanga makomo amene iwo sangalowemo. Tonthozani amayi amene anaimbidwa mlandu wopanda pake. Limbitsani amene matupi awo akufookanso atakula. Dalitsani anamwino ndi onse oyenda m'midzi ndi katemera, ndipo tetezani ana athu. Tipatseni maso oona amene watsala, ndi manja okamutenga, kufikira tsiku limene tidzakhala tonse pagome la Mwana wanu. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu, Amen.